Tenda ya madesiki ndi foni yomwe inayankhidwa mwaulemu

Chiganizo chomwe chinaimitsa tenda yathu chinali m'munsi mwa tebulo la miyezo, pa tsamba lomwe owunika ambiri amangolidutsa. Kampani ina inalemba m'Chingerezi kuti miyendo ya madesiki ake idzakhala ya chitsulo chochindikala 1.6 mm, n'kuwonjezera mawu otanthauza kuti izi zili monga momwe ofesi yathu inawalangizira. Tinali asanu m'chipinda chowunikira, mafoni athu ali m'kabokosi pakhomo monga timachitira nthawi zonse. Anayamba kuchiona ndi mnyamata wa ku akaunti. Anawerenga mokweza kawiri, kenaka n'kutembenukira kwa ine, poti ndinali mlembi wa komitiyo ndiponso ndine ndinatulutsa tendayo. Ndinasowa chonena. M'zikalata zathu munalibe pomwe tinatchula kuchindikala kwa chitsulo, ndipo pa e-GP, njira ya pa intaneti yomwe boma limayendetsera matenda, panalibe funso lomwe linalowa pa nkhaniyi, kapena yankho lomwe linatuluka.

Ndimagwira ntchito yogula katundu mu ofesi ina ya boma muno mu Lusaka, ndipo ndine membala wa ZIPS, bungwe la akatswiri ogula katundu, monga lamulo limafunira kwa ife a ntchitoyi. Dzina la ofesi, la makampani ndi la anthu sinditchula. Nkhaniyi ndaisankha pakati pa zambiri chifukwa munalibe envulopu, munalibe nchekelako, munalibe munthu yemwe ndingamuloze chala kuti uyu ndi wakuba. Komabe mpikisano unawonongeka ndithu, ndipo ana anakhala pansi temu ina yathunthu. M'maphunziro athu timakamba kwambiri za ziphuphu, koma pa zaka zanga pa desiki ili, zinsinsi zambiri ndaziona zikutulukira pa ulemu, pa chibale ndi pa mtima wofuna kuthandiza.

Zomwe tinkagula

Kuyambira Januwale 2022, boma litachotsa fizi m'sukulu zake, ana anachuluka m'makalasi ndipo madesiki anapereweratu. Chaka chomwecho CDF, thumba la boma la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo ntchito yokhoma madesiki inakhala malonda aakulu. Owotcherera zitsulo a ku Garden, akalipentala a ku Kalingalinga, ngakhale ogulitsa matabwa a ku Buseko anathamangira ku PACRA kukalembetsa makampani. Ambiri mwa iwo desiki amaidziwa kuposa ife a mu ofesi. Chomwe ndi chachilendo kwa iwo ndi chikalata cha tenda, ndi mwambo wake woti funso silifunsidwa pakamwa.

Ife tinkafuna madesiki okhala ana awiri, felemu ya chitsulo cha mphako cha mbali zinayi (square tube) cha 25 mm, pamwamba ndi pokhala pa thabwa. Tinapempha kuti aliyense abweretse desiki imodzi yachitsanzo. Makampani 11 anapikisana, onse a nzika za dziko lino.

Lamulo lomwe timayendera ndi Public Procurement Act nambala 8 ya 2020, lomwe linalowa m'malo mwa la 2008, pamodzi ndi malamulo ake aang'ono a 2022, ndipo woyang'anira zonsezi ndi bungwe la boma la ZPPA. Anzanga atsopano pa ntchito amasokonezeka akamva kuti lamulo limodzi lomweli likufuna kuti tichite zinthu poyera komanso kuti tisunge chinsinsi. Ndimawauza kuti ayang'ane kalendala. Tenda isanatsekedwe, chilichonse chokhudza zomwe boma likufuna ndi cha aliyense. Wina akafunsa, funso limalembedwa, yankho limatumizidwa kwa onse nthawi imodzi, ndipo chobisika ndi dzina la wofunsayo basi. Pa nthawi yomweyo mitengo ya opikisana ndi yotsekeredwa, ngakhale ine sindingaione mpaka ola lotsegulira litakwana. Likakwana, maina ndi mitengo zimaonekera kwa onse. Kuchoka pamenepo mpaka tsiku lolengeza yemwe wachita bwino, zokambidwa m'chipinda chowunikira zimathera momwemo. Chilengezo chikatuluka, wolephera ali ndi ufulu wofunsa chomwe chinamugwetsa, ndipo pamakhala masiku odikira kontrakiti isanasainidwe kuti wodandaula adandaule. Pa tenda yathu, chinthu chomwe chinayenera kukhala cha onse chinapita kwa mmodzi, ndipo pambuyo pake chinthu chomwe chinayenera kukhala m'chipinda chinafika kunja.

Foni ya Lachisanu madzulo

Sitinavutike kufufuza. Bambo a ku dipatimenti ya zomangamanga, omwe tonse timawatcha a Injiniya, anali pa komiti pomwepo. Anavula magalasi, n'kunena mosabisa kuti, "Ndine ndinawauza."

Ndi munthu wamkulu, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo sindinamvepo dzina lawo pa nkhani ya ndalama. Anafotokoza kuti Lachisanu lina madzulo, kutatsala sabata ndi theka kuti tenda itsekedwe, foni yawo inalira. Woimbayo anadzitchula dzina ndi kampani yake, napepesa powasokoneza, n'kufunsa kuti poti chikalata sichikunena, chitsulo chikhale cha 1.2 kapena cha 1.6. A Injiniya anayankha kuti cha 1.6, china chilichonse sadzachilandira. Foniyo sinathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

"Mayi, munthu wafunsa funso lanzeru," anatero kwa ine. "Nanga ndikanamunamiza? Kapena ndikanadula foni ngati ndine mwana wopanda mwambo?"

Ndinati, "Atate, simukanamunamiza. Mukanamuuza kuti alembe funsolo pa e-GP, inu n'kundipatsa ine yankho, ine n'kulitumiza kwa onse 11."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati sanaganize kuti kunena kuchindikala kwa chitsulo ndi kuulula chinsinsi. M'mene iwo ankaonera, chinsinsi ndi mtengo, ndi ndalama zomwe ofesi yakonza, ndi maina a owunika. Apa sanalakwe kwenikweni, pakuti kuchindikala kwa chitsulo sikunali chinsinsi. Chinali chinthu chomwe aliyense anayenera kumva, koma anamva ndi mmodzi.

Kwa yemwe sanagwirepo chitsulo, kusiyana kwa 1.2 ndi 1.6 kumaoneka kochepa, sikufika ndi theka la milimita. Pa desiki ndi nkhani ina. Chitsulo chopyapyala chimabooka msanga pochiwotcherera, ndipo polumikizira miyendo ndi pomwe pamayamba kuthyoka ana akamakoka desiki posesa kapena kukwerapo. A Injiniya aona milu ya mafelemu opindika kuseri kwa makalasi, ndipo zimawapweteka mtima. Chitsulo chochindikala ndi cholemera, choncho ndi chodula, ndipo pa desiki yotere chitsulo chimadya gawo lalikulu la mtengo. Ndiye yemwe akudziwa chomwe chikufunika ndi yemwe sakudziwa akuwerengera zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale chikalata chili chimodzi.

Titabwerera ku zikalata tinapeza kuti kampani yoimba foniyo ndi yokhayo yomwe inalemba 1.6. Ena analemba 1.2, ena sanatchule n'komwe. Mtengo wa kampaniyo unali m'gulu la yokwera, zomwe zinachititsa mmodzi wa ife kufunsa kuti nanga yapindula chiyani. Phindu lake linali m'thumba la jekete ya a Injiniya. Anali atabwera ndi vernier caliper, kachida koyezera kuchindikala, ndipo cholinga chawo chinali choti tikafika pa zitsanzo ayeze mwendo uliwonse, wosafika 1.6 agwe pomwepo tisanafike pa mitengo. Zikanatero, makampani khumi akanagwa pa muyezo womwe sanauzidwe, n'kutsala imodzi yomwe inauzidwa pa foni. Lamulo likunena momveka kuti komiti imawunika ndi miyezo yolembedwa m'chikalata cha tenda yokha. Muyezo womwe uli m'mutu mwa wowunika, kaya ndi wabwino chotani, ulibe malo pa tebulo lija.

Gawo langa pa cholakwikachi ndiyenera kulinena, chifukwa linayamba ndi ine foni isanalire. Miyezo ya desiki inabwera kuchokera ku dipatimenti ya a Injiniya itakopedwa pa fayilo yakale, ndipo ine ndinaiika m'chikalata osaiwerenga ndi diso la munthu yemwe akufuna kuwerengera mtengo. Ndikanatero, ndikanadzifunsa funso lomwe woimba foni uja anafunsa. Chachiwiri, pa tsamba lonena za malo operekera katundu ndinasiya dzina ndi nambala ya foni ya a Injiniya, poganiza kuti idzathandiza wopambana pa tsiku lobweretsa madesiki. Wopikisana aliyense wowerenga bwino anaona nambala ya munthu wa zomangamanga m'chikalata cha boma, ndipo sindingadabwe kuti wina anaiimba. Chachitatu, sindinaitanitse msonkhano wa opikisana tenda isanatsekedwe. Ndinkaona ngati desiki ndi chinthu chapafupi, ndipo tinali pa liwiro.

Tinaimitsa kuwunika tsiku lomwelo, ndinalemba zonse m'maminitsi, a Injiniya anasaina pansi pa mawu awo, ndipo ndinapita nazo kwa mkulu wa gawo lathu logula.

Foni yachiwiri

Patapita masiku awiri, ndili kunyumba ndikuphika, inalira foni yanga. Anali bambo ena a kwathu ku Katete omwe ndimawatcha amalume ngakhale si a magazi. Pa maliro a bambo anga, iwo ndiwo anabweretsa nkhuni ndi thumba la ufa, nagona panja mausiku onse. Munthu wotere sumuyankha uli chiimire. Tinapatsana moni wautali, anafunsa za ana, za amayi kumudzi, za mvula. Kenaka anafika pomwe ankapita.

"Mwana wanga, sindikupempha kanthu ayi. Pali mnzanga wa ku tchalitchi anaponya nawo pa madesiki aja. Tamva kuti zaima. Ndingofuna ndimuuze ngati agone tulo kapena ayi."

Ndinati, "Amalume, mukudziwa kuti ndimakulemekezani ngati bambo anga. Koma nkhani imeneyi pakamwa panga ndi pomanga, ngakhale kwa amuna anga m'nyumba muno. Mnzanuyo adzamva tsiku limodzi ndi anzake onse."

Anaseka pang'ono n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo iwo sanafunse mtengo wa munthu. Ndinabwereza mawu omwewo mofatsa. Anatsanzika mwaulemu, koma ndinamva kuti mawu awo azizira.

Anthu ambiri samvetsa chifukwa chomwe timakanira ngakhale mawu awiri oti "muli bwino." Ndaonapo zomwe mawu awiriwa amabala. Wodziwa kuti ali patsogolo amakakongola ndalama n'kugula zitsulo, ndiye komiti yovomereza ikabweza lipoti, amabwera ndi ukali wa munthu yemwe walandidwa chake. Wodziwa kuti ali pachiwiri amayamba kufunafuna wamkulu woti aimbe foni, kapena amapita kwa woyambayo kukamunyengerera kuti atuluke mu mpikisano, agawane phindu la mtengo wokwera. Kugwirizana kotereku ndi mlandu pansi pa lamulo la mpikisano wa malonda la 2010 lomwe bungwe la CCPC limayendetsa, koma nthawi zambiri kumayamba ndi kamphekesera kochokera m'chipinda chathu. Ndipo ena asanu ndi anayi omwe alibe amalume amangodikira mumdima.

M'mawa mwake ndinalemba kakalata kofotokoza foniyo, ola lake ndi zomwe ndinayankha, n'kukaika m'fayilo. Chomwe chinandisowetsa tulo si pempho la amalume. Ndi mawu aja oti "tamva kuti zaima." Odziwa kuti kuwunika kwaima tinali asanu a m'komiti, mkulu wanga, ndi mlembi yemwe anatayipa kalata yopita kwa akuluakulu. Tonse a m'komiti tinali titasaina fomu yolonjeza kusunga chinsinsi ndi kuulula ngati tili pa ubale ndi wopikisana aliyense. Ndinafunsa mmodzimmodzi, aliyense anakana. Mpaka lero sindinapeze pomwe madzi anadonthera. Ndikuganiza kuti panalibe yemwe anagulitsa nkhaniyi. Mwina wina anangodandaula pa chakudya chamasana kuti madesiki atiimira, dalaivala n'kumva, ndipo Lusaka ndi wamng'ono kuposa momwe amaonekera pa mapu.

Njira zomwe tinali nazo

Pa msonkhano ndi akuluakulu maganizo anagawanika, ndipo mbali iliyonse inali ndi mfundo yomveka.

A ku akaunti ankati tipitirize kuwunika ndi zomwe zinalembedwa, caliper ibwerere m'thumba, wotchipa wokwaniritsa zolembedwa apambane. Mwa malamulo njira iyi ndi yoyera. Koma mapeto ake tikanagula madesiki a chitsulo chopyapyala tikudziwa kuti sakhalitsa, ndipo lamulo lomweli limatiuzanso kuti ndalama za boma zigule chinthu choyenera mtengo wake. Panalinso kupanda chilungamo kwa mtundu wina: kampani yomwe inamvera mawu a ofesala wa boma n'kukweza mtengo wake ikanagwa chifukwa cha kumverako.

A dipatimenti yofuna madesiki ankati ana akukhala pansi, kampani ya 1.6 ilipo kale, tiipatse basi. Ndinakana ndi mphamvu zanga zonse. Chiganizo chija chonena kuti ofesi yathu inawalangiza chinali m'fayilo, ndipo wopikisana aliyense akanapita nacho ku ZPPA akanapambana, kontrakiti n'kuimitsidwa. Ngakhale pakanapanda wodandaula, tikanaphunzitsa amisiri khumi kuti tenda za boma zimapambanidwa ndi nambala ya foni. Anthu a muno ali kale ndi chikhulupiriro chimenecho. Chiyambire nkhani ya galimoto zozimitsa moto 42 zomwe boma linagula pa madola 42 miliyoni mu 2017, ukakwera minibasi n'kutchula mawu oti tenda, wina amayankha kuti ili ndi mwini wake kale. Sindinafune kuwonjezera umboni pa mawu amenewo.

Njira yotsala inali kuthetsa tenda n'kuitulutsanso ndi miyezo yokonzedwa. Lamulo limalola kutero pamene zofunika pa katundu ziyenera kusintha kwambiri. Ndi yomwe ndinalimbikitsa, ndipo ndi yomwe komiti yovomereza inasankha, koma sindikufuna wowerenga aganize kuti inali yaulere. Mitengo ya makampani onse 11 inali itaonekera kale pa tsiku lotsegula, ndipo madzi akatayika saoleka. Aliyense tsopano ankadziwa pomwe mnzake amayambira. Chomwe chinatipepuza ndi choti kusintha kwa chitsulo kunakakamiza onse kuwerengeranso, koma kampani ya 1.6 ija inatsala pambalambanda, poti mtengo wake wa desiki yeniyeni yomwe tinkafuna unali utadziwika kwa onse, ndipo aliyense ankadziwa nambala yoti aidutse pansi. Yomwe inaoneka ngati yapindula ndi foni ndiyo inavulala kwambiri. Onse anali atawononga ndalama pa zitsanzo, pa mayendedwe ndi pa zikalata, zomwe boma silibweza. Ndipo temu inatha ana ali pansi. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anandifunsa pakhonde ngati ife a mapepala tinakhalapo pa simenti mu Juni. Ndinalibe yankho lomwe likanamutonthoza.

Tinalembera opikisana onse kalata imodzimodzi, pa ola limodzi, yonena kuti tenda yathetsedwa chifukwa miyezo inali yosakwanira ndipo idzatulukanso. Za foni sitinatchule m'kalatayo, koma zinalembedwa zonse mu lipoti la m'fayilo lomwe ZPPA ndi owerengera za chuma cha boma angathe kuliona.

Pa nkhani ya kampani yoimba foni, ine ndi mkulu wanga tinasiyana maganizo. Iye ankafuna tiilembere ku ZPPA, yomwe ili ndi mphamvu yoimitsa kampani kupikisana pa tenda za boma, ponena kuti chikalata chinaletsa kulankhula ndi ofesi kunja kwa njira yolembedwa. N'zoona, chinaletsa. Koma chikalata chomwecho chinapereka nambala ya foni, kampaniyo inafunsa za chitsulo osati za mtengo wa anzake, ndipo inalemba yokha ndi dzanja lake kuti inalangizidwa. Wakuba sasiya chidindo chotere. Ndinati tikailanga, amisiri adzaphunzira kuimba foni n'kubisa. Pomaliza inalandira kalata yochenjeza yochokera ku ofesi yathu. Mkulu wanga mpaka lero amaona kuti tinafewa, ndipo ndimamvetsa nkhawa yake, pakuti wotsatira akhoza kudzanamizira umbuli.

A Injiniya anachotsedwa pa komiti yowunika, nkhani yawo inapita ku Integrity Committee ya pa ofesi, komiti yoona za kukhulupirika kwa ogwira ntchito, ndipo analandira chenjezo lolembedwa. Panalibe umboni wa chiphuphu woti tipite nawo ku ACC, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Ine ndinapempha kuti zolakwa zanga zitatu zija zilembedwenso mu lipoti lomwelo, chifukwa sikukanakhala chilungamo kuti munthu wamkulu asenze yekha katundu yemwe tinamanga awiri.

Ulendo wachiwiri

Chikalata chatsopano chinatchula kuchindikala kwa chitsulo, mtundu ndi kuchindikala kwa thabwa, utoto, ndi momwe zitsanzo zidzayezedwere. Nambala ya foni ya munthu inachotsedwa. Tinachita msonkhano wa opikisana, ndipo ndinaufotokoza m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, poti ndinaona kuti ena akungogwedeza mutu osamva. Mafunso anabwera ambiri kuposa momwe ndinkayembekezera, ena abwino kwambiri, monga lakuti mabawuti akhale otulukira pamwamba pa thabwa kapena omira. Onse analembedwa ndi mayankho ake n'kuikidwa pa e-GP kuti ngakhale osabwera awerenge. Pa msonkhanowo ndinanena mawu omwe tsopano ndimanena pa tenda iliyonse, kuti yemwe adzandiimbire ndidzamupatsa moni, ndidzamuuza kuti alembe, ndipo ndidzalemba m'fayilo kuti anaimba.

Inapambana kampani ina yomwe ulendo woyamba inali pakati. Ya foni ija inapikisananso koma inagwa pa mtengo.

Chilengezo chitatuluka, mayi wina mwini wa shopu yowotcherera ku Garden analemba kupempha kuti timufotokozere chomwe chinamugwetsa. Tinamulandira awiri, ine ndi mnzanga wolemba zokambidwa. Anabwera atavala chitenje pamwamba pa ovolosi, m'manja muli zipsera za moto. Desiki yake yachitsanzo inali yabwino kwambiri, ndipo mtengo wake unali pansi pa wa wopambana. Anagwa pa sitepe yoyamba, chifukwa satifiketi yake ya msonkho ya ku ZRA inali itatha mphamvu masiku ochepa tenda isanatsekedwe. Ulendo woyamba inali yamoyo. Kuchedwa komwe tinabweretsa ife ndiko kunaipitirira.

"Ba Madam," anatero, "munaona kuti yatha. Simukanangondiimbira kuti ndibweretse yatsopano? Ndinali nayo patangopita masiku atatu."

Funso limeneli linandilasa kuposa la amalume. Ndinamufotokozera kuti komiti ikhoza kulembera wopikisana kuti amveketse zomwe analemba, koma chikalata chathu chinanena kuti satifiketi ikhale yamoyo pa tsiku lotseka, ndipo panali kampani inanso yomwe inagwa pa chifukwa chomwecho. Ndikanamuimbira iye, ndikanakhala ndachita zomwe zinathetsa tenda yoyamba. Anamvetsera osaphethira. Kenaka anapempha kuona zikalata za wopambana, nati anamva pa wailesi kuti kuyambira 2023 kuli lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma. Ndinamuuza kuti lamulolo liripodi, ndipo dzina la wopambana ndi mtengo wa kontrakiti zili poyera kwa aliyense. Koma momwe mnzake anawerengera mtengo wa desiki imodzi, komwe amagula chitsulo ndi zomwe banki yake inalemba, ndi zinsinsi za malonda ake, monga momwe zake za iye sindingazionetse kwa wina. Ndinamuuzanso za ufulu wake wokadandaula ku ZPPA masiku odikira asanathe, ndi komwe angapeze ndondomeko yake. Sanakadandaule. Potuluka anafunsa ngati angatenge desiki yake yachitsanzo yoyamba, ya chitsulo cha 1.2, yomwe inali ikadali m'sitolo yathu. Anabwera ndi mnyamata wa wilibala tsiku lotsatira.

Mayi ameneyu ndimamukumbukira nthawi iliyonse wina akanena kuti kuthetsa tenda n'kuyambiranso sikupweteka munthu. Kuyambira pamenepo, pa msonkhano wa opikisana ndimawerenga mokweza mndandanda wa zikalata, za msonkho ku ZRA, za penshoni ku NAPSA, za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito ku Workers' Compensation ndi za kalembera wa kampani ku PACRA, n'kuuza onse pamodzi kuti akayang'ane masiku othera asanatumize. Ndi thandizo lomwelo lomwe iye ankafuna, koma loperekedwa pa nthawi yomwe aliyense angalimve.

Amalume a ku Katete tinakumana pa ukwati miyezi ingapo pambuyo pake. Anandipatsa moni, koma za ana sanafunse.

Madesiki atayamba kufika, ndinapempha kuti a Injiniya akhale m'gulu lolandira katundu. Ena anadabwa, koma pamenepa 1.6 inali italembedwa mu kontrakiti, ndipo palibe wina pa ofesi yemwe amadziwa chitsulo ngati iwo. Lole yoyamba inafika m'mawa kukuzizira. Anatulutsa caliper m'thumba la jekete lomwe lija, nachotsa kapulasitiki kotseka kunsi kwa mwendo, n'kuyeza madesiki omwe ankasankha okha pakati pa mulu, woimira kampani ataima pambali pawo akuona nambala iliyonse. Pa lole yachitatu anapeza madesiki angapo a chitsulo chopyapyala atasakanizidwa ndi abwino. Anawaika padera, tinalemba fomu yokana, woimira kampani anasaina, ndipo anabwerera nawo pa lole yomweyo.